Liwu la Chingerezi m'Chipinda Chozizira

Okondedwa achemwali,

Choyamba ndifunse za moyo wanu pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi chifuwa cha amayi chija chinaleka? Mundiuze zoona, osati zija mumachita zondibisira kuti ndisadandaule. Ine kuno thupi lili bwino, ndikudya, kuntchito ndikupita.

Zinazo ndi zimene zandigwiritsa cholembera. Pa foni ndayesa kawiri kuti ndikuuzeni, koma ndimangolephera poyambira, inu n'kumadandaula kuti netiweki yavuta. Sinali netiweki. Mukhale pansi powerenga, ndipo musawerenge mokweza monga mumachitira ndi zolemba za ana a m'kalasi mwanu.

Mukukumbukira liwu lija la Chingerezi loti folly? Munalilemba ndi inki yofiira pamwamba pa pepala langa ndili folomu 3, tsiku limene ndinayankha mafunso onse asanu ndi limodzi pomwe malangizo ankati tisankhe atatu. Ndinakwiya, ndinati mwanditukwana kuti ndine chitsiru. Inu munakana. Munati folly si munthu, ndi chimene munthu wachita. Munati wopusa chibadwire sangachite folly, chifukwa alibe nzeru zoti aziiwale kunyumba. Amene amachita folly ndi munthu wanzeru zake, wothamangira chinthu osayang'ana kumene chikathere. Munawonjezera kuti eniake a chilankhulocho liwuli salitaya pa tinthu ting'onoting'ono ngati kuthira mchere mu tiyi, amalisungira zinthu zolemera.

Mbali yomalizayi sindinaimve. Chimene ndinakonda ndi kamvekedwe kake. Ku koleji ndinkaliponya pa mtsutso uliwonse, ndipo anzanga ankangoti kukamwa yasa.

Pano ndatha miyezi isanu ndi umodzi pa kampani yosunga nyama ndi nsomba ija. Ntchito yanga ndi kuona kumene nthawi ikutayika. Anandipatsa wotchi, kabuku ndi kaofesi kopanda zenera, ndipo abwana anandiuza poyera kuti akutsegula nthambi yatsopano, ndikaonetsa chamuna mpando wa manijala ndi wanga. Achemwali, mukundidziwa. Ndinafika ndi moto. Malo ano amayenda ngati ngolo ya tayala limodzi: makatoni amadikira anthu, anthu amadikira lole, lole imadikira dalaivala amene akudikira tiyi. Zambiri ndinakonza, ndipo mpaka lero sindichita nazo manyazi.

Ndiye panali a Makiyi. Ndi bambo wachikulire, woonda, amene wakhala akutsegula ndi kutseka chipinda chozizira kuyambira kampani ili m'manja mwa eni ake akale. Dzina lawo lenileni lili m'mafayilo basi, aliyense amangoti a Makiyi. Chipindacho n'chachikulu ngati makalasi anu awiri, chitseko chake n'chochindikala kuposa matiresi, ndipo mkati mwake makoma ndi mapaipi zonse zimachita ayezi woyera ngati ufa.

Kachitidwe kawo kanali kotere. Ikakwana folo koloko, nthawi yotseka, ankalowa n'kuyendera mashelefu onse, n'kutuluka, n'kukankha chitseko. Asanaike loko ankaitana katatu kuti, "Muli munthu?" Akatero ankagunditsa khutu pa paipi yotuluka m'khoma, n'kukhala chete mphindi zisanu zathunthu. Nthawi yonseyo madalaivala sangasaine, mlonda sangatseke geti, anthu khumi ndi awiri angoima. Komanso mkatimo, pa msomali wa kuseri kwa chitseko, ankasungamo chijasi chakale, chokhala ndi hamala m'thumba. Palibe ankachivala.

Ndinawafunsa chifukwa chake. Anangoti ndi mmene amatsekera. Ndinawauza kuti munthu amene wangoyendera chipinda ndi maso ake safunikanso kuchifunsa. Anavomera kuti n'zoona, mawa lake n'kuchitanso chimodzimodzi. Kenako anandipempha kuti ngati ndikufuna chokonza, ndikonzetse chotsegulira cha mkati, chimene chinathyoka kalekale. Ndinachilemba pa nambala 14 pa mndandanda wanga. Pa nambala wani ndinaika sipuling'i yoti chitseko chizidzitseka chokha, kuti kuzizira kusamathawe, ndipo inaikidwa sabata yomweyo.

Mumtima ndinkati tsobola wakale sawawa. Ndinalemba lipoti la masamba anayi, ndipo pa tsamba lachitatu ndinalemba kuti kachitidwe ka a Makiyi ndi folly, n'kulemba mzere kunsi kwake. Abwana analikonda liwulo moti analiwerenga kawiri pamsonkhano. Kenako anauza a Makiyi kuti apereke makiyi, akapume kaye kunyumba mpaka komiti idzakhale pansi kuona ngati akufunikabe.

Tsiku lopereka makiyi anabwera mu kaofesi kanga atanyamula tsamba lachitatulo. Sanakwiye. Anavula chipewa, nati sukulu yawo inathera panjira, ndiye ndiwathandize tanthauzo la liwu limene lawachotsa ntchito, kuti akakhale ndi chowauza akazi awo.

Ndinawauza kuti ndi uchitsiru. Anafunsa ngati ndi uchitsiru wa munthu kapena wa ntchito yake. Apo ndinakumbukira inu, ndipo ndinabwereza phunziro lanu lonse ngati langa, manja ali m'thumba. Anamvetsera bwinobwino, akugwedeza mutu. Kenako anafunsa ngati wochitayo amadziwa pa nthawi imene akuchita. Ndinati ayi, kawirikawiri amadzazindikira zitapita kale.

"Ndiye liwuli ndimalidziwa," anatero. "Sindinkadziwa chabe kuti lili ndi Chingerezi chake."

Anapinda pepalalo, kuliika m'thumba la malaya, n'kutsanzika mwaulemu. Madzulo omwewo ndinachotsa chijasi chija, n'kuchipereka kwa mlonda kuti akachitaye. Hamala ndinaiika m'dirowa ya tebulo langa. Lamulo latsopano linali loti womaliza kutuluka azimitse magetsi, aike loko, akasiye makiyi kwa mlonda. Mphindi imodzi, anthu ulendo.

Amayi olongedza nyama sanachedwe kundipatsa dzina. Ndikamadutsa ankati a Foli afika, bisani mphindi zanu angazilande. Mmodzi, wamkulu wawo, anandifunsa ngati kupuma mpweya nakonso ndakulemba m'kabuku. Ndinkaseka nawo. Ndinkati munthu wosintha zinthu sakondedwa, adzandithokoza m'tsogolo.

Patatha sabata, ndili kuwerenga makatoni m'chipindamo, ndinaona liwu lija litalembedwa ndi chala pa ayezi wa pakhoma. Linali pakona ya kumapeto, m'munsi, pa msinkhu wa munthu wokhala pansi. Zilembo zake zinali zooneka bwino, zopendekera kumanja, dzanja la munthu wozolowera kulemba. Ndinadziwa kuti ndi amayi aja. Ndinafufuta ndi nsapato, n'kupita kukawakalipira. Anandiyang'ana ngati ndapenga. Wamkulu uja anati iwo akalowa mufirijimo amathamanga ngati aba, ndani angakhale pansi n'kumalemba Chizungu zala zikuuma? Anati komanso iye akanalemba akanayamba ndi dzina langa.

Mawa lake linabweranso, pamalo pomwepo. Ndinafufuta. Linabweranso. Ndinayamba kufika m'mawa kwambiri, kuti ndikhale woyamba kulowa loko akangotsegula, ndipo ndinkalipeza lilipo kale, m'mbali mwa zilembo muli ayezi watsopano. Sindinauze munthu. Mukanakhala inu mukanauza ndani? Munthu wa digiri, amene wachotsetsa nkhalamba ntchito chifukwa cholankhula ndi chitseko?

Lachisanu lapitali, itatsala pang'ono kukwana folo koloko, ndinaganiza zolowa kukalifufuta komaliza, kuti Lolemba ndidzaone ngati libwere chipinda chitakhala chokhoma masiku awiri. Sindinauze aliyense, chifukwa sindinkafuna kusekedwa. Foni ndinaisiya patebulo ikutchaja. Ndinalowa ndi malaya okha, poti inali nkhani ya mphindi imodzi.

Ndili pakona paja, sipuling'i yanga inagwira ntchito yake. Chitseko chinatsekeka bwinobwino, mopanda phokoso, monga ndinalonjezera mu lipoti. Ndisanafike pakati pa chipinda magetsi anazima. Dalaivala amene anali womaliza anatsata lamulo langa ndendende. Ndilibe naye mlandu.

Achemwali, mdima wa mmenemo si mdima umene mumaudziwa. Ndinapapasa mpaka pachitseko, ndinapeza chotsegulira chija, nambala 14, chikungozungulira chabe m'dzanja. Ndinamenya chitseko ndi zibakera, chinkangomeza phokoso ngati ndikumenya pilo. Ndinakuwa, koma mafani a mmenemo amalira kuposa munthu. Dzanja langa linapita lokha pa msomali paja, kufuna chijasi. Ndinagwira msomali.

Pamenepo mutu wanga, umene mumaunyadira uja, unayamba kuwerengera wokha. Lachisanu folo koloko mpaka Lolemba seveni koloko. Ndinayesa kuuletsa koma unamaliza samuyo.

Sindidziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Zala zinasiya kumva, nsagwada zinkagundana. Kenako ndinamva mawu aang'ono kwambiri, ochokera kumene paipi imabowola khoma la kuseri, ngati munthu akulankhula m'botolo.

"Muli munthu?"

Ndinayesa kuyankha, koma mawu anali atatha ndi kukuwa kuja. Anaitananso kachiwiri. Ndinafuna chitsulo chilichonse choti ndimenye nacho paipi, koma mmenemo muli makatoni ndi nyama basi, ndipo mu mdimawo paipiyo sindinkadziwa kuti ili mbali iti. Anaitana kachitatu, n'kukhala chete.

Ndiye kumbuyo kwanga, kukona kuja, chitsulo chinamenya paipi. Kamodzi. Panapita kanthawi ngati munthu akuganiza. Kenako kachiwiri.

Hamala inali m'dirowa mu ofesi yanga. Ndinakaiona pambuyo pake, inali momwemo.

Sindinatembenuke. Ndinaima nkhope itagunda chitseko mpaka loko analira panja, kuwala n'kulowa. Anali a Makiyi ndi mlonda, onse akupuma wefuwefu. A Makiyi anavula jekete lawo n'kundifunditsa, kunditulutsa panja padzuwa, n'kundikhazika pa kreti. Mlonda anathamangira tiyi.

Ndi pamene ndinadziwa kuti masabata atatu onsewa bamboyu sanajombe ngakhale tsiku limodzi. Ikamakwana folo koloko ankabwera wapansi, mlonda n'kumulowetsa pa kageti ka kuseri, kumene paipi imatulukira kupita ku makina, n'kuitanira pamenepo. Anthu onse ankakhala atapita, n'chifukwa chake sindinkawaona.

Manja atayamba kumva ndinawathokoza kuti anamva kukuwa kwanga. Anati sanamve kukuwa kulikonse, mawu a munthu wa mkati sadutsa khomalo. Kenako anandifotokozera, maso ali pa nsapato zawo.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo panali kalaliki wina, bambo wa ana awiri, wophunzira bwino, wachangu, wokonda kuwakonza anzake Chingerezi. Lachisanu lina analowa kukawerenganso makatoni osauza munthu, chifukwa sankakhulupirira chiwerengero cha a Makiyi. Tsiku limenelo a Makiyi analandira uthenga woti akazi awo apita nawo kuchipatala, mwana ali panjira. Anasuzumira pakhomo, osaona munthu, n'kukhoma mphindi khumi nthawi isanakwane. Lolemba anamupeza atakhala pansi pakona paja, atakumbatira mawondo. Eni ake akale anaikwirira nkhaniyo, kampani inagulitsidwa, ndipo mwa amene analipo atsala ndi iwo ndi mlonda.

Anati chijasi ndi hamala anaziikira wina aliyense amene angadzatsekeredwe. Koma kuitana kuja n'kwa kalalikiyo. Anayamba sabata imene anamuika m'manda, ndipo tsiku lachitatu anayankhidwa.

"Masiku onse amagogoda kamodzi, ine n'kumuuza kuti ndamva, tionana mawa," anatero. "Lero wagogoda kawiri. Ndiye ndinadziwa kuti sali yekha."

Ndinawafunsa chifukwa chimene sanandiuzire zonsezi tsiku lija mu ofesi. Anandifunsa kuti ndikanalemba liwu liti pa tsamba lachinayi.

Dzulo Lolemba m'mawa ndinapita kwa abwana. Za kugogoda sindinanene. Ndinangoti ndinatsekeredwa chifukwa cha sipuling'i yanga ndi lamulo langa, ndipo amene anandipulumutsa ndi munthu amene tikufuna kumuchotsa. Abwana anadzuka kukatseka chitseko cha ofesi. Anati nkhani imeneyi ithere momwemo, ikamveka kunja abwera oyendera za chitetezo ndipo nthambi yatsopano siitsegulidwa chaka chino. Chotsegulira akonzetsa mwakachetechete. Lipoti likhale mmene lilili, nkhalambayo ipite, ine nditenge mpando wanga. Nditati ndikufuna kulibweza lipotilo pamaso pa komiti, anaseka, nati mnyamata wanzeru ngati ine kutaya mpando chifukwa cha mantha a mphindi makumi awiri, imeneyo ndiye folly yeniyeni. Analitchula bwino kwambiri. Ndinawaphunzitsa ndine.

Inu aphunzitsi, mwina abwana alondola. Nzeru ndili nazo, ndipo kumene chinthuchi chikathere sindikukuona. Abwanawo anandiuza mosabisa kuti amene adzawachititse manyazi pa komiti asayembekezere kuti kontirakiti yake idzawonjezeredwa.

Madzulo ake, folo koloko, ndinapita kuseri kuja. Ndinayamba ndayendera chipinda ndekha, shelefu ndi shelefu, kuwerenga anthu onse pageti, n'kukhoma ndi dzanja langa. Pakhoma panalibe cholembedwa chilichonse, koyamba m'masabata awiri. A Makiyi anaitana katatu. Anandisunthira kuti nanenso ndigunditse khutu pa paipi. Chitsulocho chinali chozizira moti khutu linamata.

Tinadikira. Ndinali ndi wotchi pamkono koma sindinaiyang'ane.

Kalaliki uja anagogoda kawiri, achemwali. Ine ndili panja, dzuwa likundiwomba pamsana.

A Makiyi anachotsa khutu pa paipi. Kenako anauza paipiyo kuti amva, aonana mawa. Tikuyenda kupita kugeti ndinawafunsa tanthauzo lake. Anati sakudziwa, zaka zonsezi sizinachitikepo. Mwina kalalikiyo akungondiwerengerabe, poti anali munthu wosafulumira kufufuta chimene walemba m'buku. Anandilangiza kuti ndisamalowemo ndekha, ndiponso ndisachoke m'tauni muno mpaka chiwerengerocho chibwerere pa kamodzi.

Komiti ikhala mawa, Lachitatu, naini koloko. Ndalemba kale zimene ndikanene, tsamba limodzi lokha. Ndikanena kuti lipoti langa linalakwa, kuti sipuling'i ichotsedwe, kuti makiyi abwerere kwa mwini wake pamodzi ndi mphindi zake zisanu. Ndikanenanso za Lachisanu, abwana afune asafune, mlonda wavomera kundichitira umboni. Kalatayi ndiponya ndisanalowe m'chipinda cha msonkhano, kuti ndisakhale ndi pobwerera.

Musandiyese woyera mtima. Mpandowo ndimaufunabe. Malo ano akufunikabe kusintha ndipo ndikudziwa kuti ndikanawasintha. Chilungamo chilipo pa zimene ndikukachitazi, koma mantha ndiwo achuluka. Bamboyu akachotsedwa, tsiku lina mlonda adzasinthidwa, kageti ka kuseri kadzatsekedwa, ndipo sipadzakhala woitana. Ine sindingathe kukhala kulikonse pa dziko lino ndikudziwa kuti m'chipinda muja akugogoda kawiri popanda womvera.

Pempho langa ndi ili. Ndikudziwa zimene munadzimana kuti ine ndifike pano, ndipo ndikudziwa kuti amayi anauza kale mpingo wonse kuti mzime wawo akukhala manijala. Mundikhululukire. Amayi muwauze pang'onopang'ono, muzingoti zampando zachedwa. Zachipindazo musawauze, mtima wawo mukuudziwa. Ntchito ikatha sindibwera msanga, pa chifukwa chimene ndanena chija. Ndidzapeza chochita konkuno, ndipo folo koloko iliyonse ndizikakhala kuseri kuja ndi a Makiyi. Tsiku limene kalalikiyo adzagogode kamodzi ndidzakuimbirani, ndipo mudzandikonzere pogona.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti nsapato zija zinandikwana. Ana muwapsompsone, wamkuluyo alimbikire masamu. Moni kwa azakhali ndi onse apakhomo. Amayi muwagwire dzanja m'malo mwanga.

Mulungu akusungeni nonse, ndipo mawa naini koloko, ngakhale kalatayi idzakhala isanafike, ndikhulupirira kuti mtima wanu udzandikumbuka.

Ndine mlongo wanu,
Mzime wa amayi